Kuyendetsa dziko n'kuyendetsanso anthu: boma limatani kuti nzika zake zisamangokhala?

Mu Juni 2024, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa chiwerengero chimene chinamveka m'nyumba zambiri zoulutsira mawu: pa anthu akuluakulu 100 alionse padziko lapansi, 31 sagwiritsa ntchito matupi awo mokwanira. Amenewa ndi anthu pafupifupi 1.8 biliyoni. Mu 2010 anali 26 pa 100 alionse, ndipo zinthu zikapitirira chonchi adzafika pa 35 pomafika 2030. Nkhani yotere ikamveka, maboma amalonjeza ndondomeko, ndipo womvera amatsala kukamwa kuli yasa. Boma lilowererapo bwanji pa nkhani ya miyendo ya munthu? Lizibwera kudzatidzutsa mbandakucha kuti tikathamange? Nanga uja amayenda pansi makilomita angapo kupita kuntchito, kapena amene amaweramira khasu mpaka dzuwa lifike paliwombo, nayenso akumunena?

Mawu amene timawasakaniza

Chisokonezo chimayambira pa mawu. Tikamva zoti anthu azilimbitsa thupi, m'maganizo mumabwera munthu wa kabudula ndi nsapato zothamangira, kapena wina akunyamula zitsulo ku jimu. Olemba ndondomeko za zaumoyo saganiza za munthu ameneyu yekha. Iwo amakamba za kugwiritsa ntchito thupi, kutanthauza kusuntha kulikonse kumene kumagwiritsa ntchito minofu ndi kudya mphamvu za m'thupi. Kukolopa, kupalasa njinga, kukwera masitepe, kuvina, kulima, kuthamangitsana ndi ana pabwalo, zonsezi zili momwemo. Masewera olimbitsa thupi ndi kachigawo chabe, pamene munthu wachita kupatula nthawi n'cholinga choti thupi lilimbe. Mipikisano ya mpira kapena yothamanga ndi kachigawo kena kocheperapo.

Ofufuza amaligawa panayi tsiku la munthu: zimene amachita kuntchito, pakhomo, paulendo, ndi pa nthawi yopuma. Amayang'ananso mphamvu imene munthu akuikapo. Kuchita mwapakatikati ndi pamene mtima ukugunda mofulumirirapo, mukutha kulankhula ndi mnzanu koma simungathe kuimba nyimbo, monga poyenda ndawala. Kuchita mwamphamvu ndi pamene mumangotulutsa mawu awiri kapena atatu n'kuyamba mwapuma kaye.

Malangizo a WHO a chaka cha 2020 amati munthu wamkulu azikwanitsa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata akuchita mwapakatikati, kapena mphindi 75 mpaka 150 akuchita mwamphamvu, kuphatikizapo masiku awiri a ntchito yolimbitsa minofu monga kunyamula zolemera. Ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika pafupifupi ola lathunthu tsiku lililonse. Amene afika zaka 65 amawonjezerapo masiku atatu a zochita zothandiza kuti asamadzandire ndi kugwa. Kale ankati zimene zichitike kwa mphindi zosakwana 10 siziwerengedwa, koma mu 2020 lamulo limeneli analichotsa. Mphindi zitatu pano, zisanu apo, zonse zimalowa m'thumba limodzi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Mwina munamvapo zoti munthu aziyenda mapazi 10,000 pa tsiku. Chiwerengero chimenechi sichinachokere kuchipatala. Chinatchuka ku Japan cha m'ma 1965 pamene kampani ina inkatsatsa kachipangizo kowerengera mapazi kotchedwa manpo-kei, dzina lotanthauza chowerengera mapazi 10,000. Kafukufuku wa mu 2019 wa amayi achikulire a ku America anapeza kuti phindu linayamba kuoneka pa mapazi pafupifupi 4,400, ndipo linasiya kukwera cha pa 7,500. Uthenga woti muyenera kufika 10,000 ungathe kufooketsa munthu amene anali pafupi kupindula.

Basi ya nsanjika ya ku London

Kuti timvetse chifukwa chake boma limalowamo, tiyambire m'basi. Mu 1949, dokotala wa ku Britain, Jerry Morris, anayamba kufufuza matenda a mtima pakati pa ogwira ntchito m'mabasi a nsanjika a mumzinda wa London. M'basi iliyonse munali anthu awiri. Dalaivala ankakhala pampando pafupifupi tsiku lonse. Kondakitala ankangokhalira kukwera ndi kutsika potolera ndalama, masitepe 500 mpaka 750 pa tsiku. Anthu awiriwa ankachokera m'makomo ofanana, ankapuma mpweya umodzi, ankayenda msewu umodzi. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 1953 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, zochokera kwa amuna pafupifupi 31,000, zinaonetsa kuti makondakitala sankadwala mtima ngati madalaivala, ndipo akadwala, nthendayo sinkawatenga msanga. Morris anaonanso zofanana kwa ogwira ntchito za mtengatenga wa makalata: oyenda pansi ndi panjinga anali bwino kuposa okhala muofesi.

Otsutsa anati mwina anthu onenepa kale ndi amene ankasankha udalaivala. Morris anakafufuza saizi ya mathalauza a yunifolomu amene ogwira ntchitowo ankalandira. Anapezadi kuti madalaivala anali ndi ziuno zokulirapo, koma ngakhale poyerekeza anthu a chiuno chofanana, kondakitala ankakhalabe wotetezeka kuposa mnzake.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi n'chakuti makondakitala aja sanali anthu odziletsa kuposa anzawo. Sanamvere uphungu wa dokotala, sanalumbire pa tsiku loyamba la chaka kuti asintha moyo. Masitepe anangopezeka panjira ya ntchito yawo. Kuchokera nthawi imeneyo, chitukuko chakhala chikuchotsa masitepe otere m'moyo wa anthu: galimoto, njinga yamoto, makina, kompyuta, foni imene imabweretsa zonse pamene mwakhala. Zambiri mwa zimenezi n'zabwino, palibe amene angafune kubwerera ku ntchito yothyola msana. Koma thupi ndi lomwe lija, likufunabe kusuntha. Ndondomeko ya boma, tikaichotsa mawu ake aatali, ndi kuyesa kubwezera masitepe panjira imene anthu amadutsa kale tsiku ndi tsiku.

Ngongole imagwera ndani?

Kungokhala kumawonjezera chiopsezo cha matenda osapatsirana, amene munthu satengera kwa mnzake koma amakula pang'onopang'ono m'thupi: kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima, sitiroko, shuga, khansa ya m'mawere ndi ya m'matumbo, kuiwalaiwala kwa muukalamba, ngakhalenso matenda a nkhawa ndi kukhumudwa. Matendawa sachira ndi jekeseni imodzi. Munthu wa shuga amamwa mankhwala moyo wake wonse, ndipo wa sitiroko amafuna womusamalira, amene nayenso amasiya ntchito yake.

Mu 2022, WHO inawerengera kuti zinthu zikapanda kusintha, pakati pa 2020 ndi 2030 padzakhala odwala atsopano pafupifupi 500 miliyoni amene matenda awo akanapeweka, ndipo kuwasamalira kudzadya madola a ku America pafupifupi 27 biliyoni chaka chilichonse. Pafupifupi theka la odwalawo adzakhala a kuthamanga kwa magazi. Atatu mwa anayi alionse adzakhala m'mayiko osauka ndi apakatikati, kumene zipatala zikulimbana kale ndi matenda opatsirana. Boma likapanda kulipira njira ya oyenda pansi lero, lidzalipira bedi la kuchipatala mawa, ndipo apa m'pamene nkhani ya miyendo ya munthu imasanduka nkhani ya bajeti.

M'ndondomeko mumakhala chiyani?

Mu Meyi 2018, mayiko amene ali mamembala a WHO anavomereza pulani ya dziko lonse ya zaka za 2018 mpaka 2030. Cholinga chake n'kuchepetsa anthu ongokhala ndi 15 peresenti. Apa ambiri amaphonya. Sizikutanthauza kuchotsa 15 pa chiwerengero chimene chilipo. Ngati m'dziko anthu 40 pa 100 alionse ndi ongokhala, 15 peresenti ya 40 ndi 6, choncho dzikolo likuyenera kufika pa 34. Zikuoneka zochepa, koma dziko lapansi likulowera kwina.

Pulaniyo ili ndi mfundo 20 zimene anaziika m'magulu anayi. Gulu loyamba likukhudza maganizo a anthu: mauthenga, zochitika zapoyera, kuphunzitsa aphunzitsi ndi anamwino. Lachiwiri ndi la malo, kutanthauza misewu, njira za oyenda pansi ndi apanjinga, mapaki ndi mabwalo. Lachitatu ndi mwayi umene munthu amapatsidwa kusukulu, kuntchito, kuchipatala ndi m'dera lake. Lomaliza ndi la kayendetsedwe: ndani akutsogolera, ndalama zichokera kuti, ndipo tidziwa bwanji kuti zikuyenda.

Gulu lomalizali silikoma kuliwerenga, koma m'pamene pagona nkhani. Unduna wa zaumoyo ndi umene umalandira odwala, ndiye ndi umene umalemba ndondomeko. Koma unduna wa zaumoyo sumanga msewu, sukonza ndandanda ya maphunziro, ndipo sugawa malo mumzinda. Makiyi ali ndi a zamtengatenga, a zamaphunziro, a makhonsolo, a zachuma ndi apolisi apamsewu, amene aliyense ali ndi zake zomudetsa nkhawa. Injiniya wa misewu amayamikiridwa magalimoto akamadutsa msanga, osati ana akamayenda pansi kupita kusukulu. Mphunzitsi wamkulu amafunsidwa za mayeso, ndiye phunziro la masewera ndi limene limayamba kudyedwa mayeso akayandikira. Mutu umodzi susenza denga, koma pano mitu ina sidziwa n'komwe kuti pali denga loti lisenzedwe.

Lipoti la WHO la 2022, limene linayang'ana mayiko 194, linapeza kuti mayiko osakwana theka ndi amene anali ndi ndondomeko yapadera ya nkhaniyi, ndipo mwa ndondomeko zimenezo, zosakwana 40 pa 100 zilizonse ndi zimene zinkagwiradi ntchito. Zinazo zinali mapepala ogona m'kabati.

Kuuza anthu n'kosavuta

Chinthu choyamba chimene maboma amathamangira ndi uthenga, chifukwa sudula kwambiri ndipo umaoneka msanga. Canada inakhazikitsa bungwe la ParticipACTION mu 1971, ndipo uthenga wake wa pa kanema wa mu 1973, woyerekeza mphamvu za thupi za munthu wa ku Canada wa zaka 30 ndi za wa ku Sweden wa zaka 60, anthu akuukumbukirabe. Uthenga wabwino umadzutsa anthu ndi kusintha zimene amaona ngati zachilendo. Koma kudziwa ndi kuchita ndi zinthu ziwiri. Anthu ambiri ongokhala amadziwa kale kuti kuyenda n'kwabwino. Chimene alibe ndi nthawi, malo, chitetezo, kapena mnzawo woyenda naye.

Njira ina imene imakopa atsogoleri ndi mipikisano ikuluikulu. Masewera a Olympic a ku London mu 2012 analonjeza kudzutsa m'badwo wonse. Mabwalo anamangidwa, mamendulo anapezeka, koma ofufuza amene anatsatira nkhaniyi m'zaka zotsatira sanapeze umboni wooneka woti anthu wamba anayamba kuchita masewera mochuluka ndi mokhalitsa. Kuonerera katswiri akuthamanga kumachitika munthu atakhala pampando. N'chifukwa chake m'pofunika kusiyanitsa ndalama za timu ya dziko ndi ndalama zoti anthu wamba azisuntha, ngakhale zonse zimatuluka mu unduna umodzi wa zamasewera.

Ngakhale zaulere zili ndi msampha wake. Mu 2009 boma linayamba kulipira kuti ana osapitirira zaka 16 ndi akuluakulu a zaka 60 kupita m'tsogolo azisambira ulere m'madamu osambiramo a makhonsolo ku England. Pulogalamuyo inathetsedwa mu 2010, kauniuni atapeza kuti ambiri mwa osambirawo akanasambirabe ngakhale akanalipira. Canada nayo mu 2007 inayamba kuchotsera msonkho makolo olembetsa ana awo ku masewera, pa ndalama zolembetsera zofika madola 500 a dzikolo pa mwana. Amene ankapindula kwambiri anali mabanja opeza bwino, oti anali nazo kale ndalama zolembetsera, ndipo pofika 2017 dongosololi linatha. Madzi saiwala khwawa: thandizo loperekedwa kwa aliyense mofanana limatsetserekera kwa amene ali kale panjira, pokhapokha litachita kulunjikitsidwa.

Msewu ndi umene umalamula

Mbali imene imasintha zinthu kwa nthawi yaitali ndi ya malo, ndipo ndi imene imadula komanso kuyambanitsa anthu. Taganizirani mayi amene akufuna kuti mwana wake wa zaka 8 aziyenda yekha kupita kusukulu imene ili pa mtunda wa kilomita imodzi. Pakati pali msewu waukulu wopanda powolokera. M'mbali mulibe njira ya oyenda pansi, ndipo pamene ilipo paimikidwa magalimoto, ndiye mwana ayenera kutsikira mumsewu, galimoto zikumupitirira paphewa. Mvula ikagwa ngalande imasefukira. Madzulo kulibe magetsi. Mayiyu akapeza ndalama, chinthu choyamba n'kumukweza mwanayo galimoto kapena njinga yamoto, ndipo palibe amene angamudzudzule. Kuchita kwakeko kwawonjezera galimoto ina pamsewu, ndipo mayi wotsatira waona kuti msewu waopsa kuposa kale.

Anthu amaganiza kuti a ku Netherlands anabadwira panjinga. Zoona zake n'zakuti m'zaka za m'ma 1960 mizinda yawo inkadzaza magalimoto ngati kwina kulikonse. Mu 1971 ngozi zapamsewu zinapha anthu pafupifupi 3,300 m'dzikolo, ndipo oposa 400 anali ana. Makolo anayambitsa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti lekani kupha ana. Mu 1973 kunabwera vuto la mafuta, boma n'kuletsa magalimoto kuyenda masiku ena a Lamlungu, ndipo anthu anaona misewu yawo ili zii. Kuyambira pamenepo, kwa zaka makumi angapo, makhonsolo anamanga njira za njinga zopatukana ndi magalimoto ndi kuchepetsa liwiro m'misewu ya m'malo okhala anthu. Lero ulendo umodzi mwa maulendo anayi alionse m'dzikolo ndi wa panjinga. Anthu amenewa sakuchita masewera. Akupita kuntchito, kusukulu ndi kukagula zinthu.

Mzinda wa Seville ku Spain unaonetsa kuti zingathe kuchitika msanga. Kuyambira mu 2006 khonsolo inamanga njira za njinga zokwana makilomita pafupifupi 120 m'zaka zinayi, zambiri pamalo amene kale ankaimikapo magalimoto, ndipo maulendo a panjinga anachuluka kuposa kasanu. Chinsinsi chinali kulumikiza. Njira ya njinga imene imathera mwadzidzidzi pamphambano yoopsa ili ngati mlatho wofika pakati pa mtsinje.

Liwiro nalo ndi nkhani ya zaumoyo. WHO imati chiopsezo choti woyenda pansi afe akagundidwa chimakwera kanayi ndi theka galimoto ikachoka pa liwiro la makilomita 50 kufika pa 65 pa ola. Msonkhano wa nduna za mayiko ku Stockholm mu 2020 unalimbikitsa liwiro la makilomita 30 pa ola pamalo pamene magalimoto amasakanikirana ndi anthu.

Kumene ndalama zomangira n'zochepa, mizinda ina imabwereka msewu kwa maola ochepa. Bogotá, likulu la Colombia, inayamba mu 1974 chimene amachitcha Ciclovía: Lamlungu lililonse ndi pa masiku a tchuthi, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, misewu yoposa makilomita 120 imatsekedwa kwa magalimoto, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi amatuluka kukayenda, kupalasa ndi kuvina. Kigali ku Rwanda inayamba tsiku lopanda magalimoto mu 2016, ndipo tsopano limachitika kawiri pa mwezi, anthu n'kumayezedwanso shuga ndi kuthamanga kwa magazi pomwepo. Addis Ababa inatsatira mu 2018 ndi Menged Le Sew, kutanthauza msewu wa anthu. Ubwino wake ndi woti msewu ulipo kale ndipo wosauka ndi wolemera amalowa mofanana. Malire ake ndi oonekeratu: Lolemba m'mawa magalimoto amabwerera.

Zonsezi zili ndi otsutsa, ndipo madandaulo awo si opanda pake. Eni masitolo amaopa kuti makasitomala asowa poimika galimoto. Oyendetsa magalimoto a hayala amati ulendo watalika. Okhala kutali ndi mzinda, kumene kulibe basi yodalirika, amaona ngati akulangidwa chifukwa cha galimoto imene sangachitire mwina. Palinso ena amene amakana mfundo yonseyo, amati boma lisasanduke kholo la anthu akuluakulu. Ochirikiza amayankha kuti boma linasankha kale pamene linamanga msewu wopanda njira ya oyenda pansi, ndipo kusamanga nakonso n'kusankha. Mkangano umenewu sutha ndi kafukufuku, chifukwa pansi pake pali funso loti malo a mumzinda ndi a ndani.

Kusukulu ndi kuchipatala

Kafukufuku wa WHO wa ana a zaka 11 mpaka 17, wa ziwerengero za 2016, anapeza kuti 81 pa 100 alionse sankakwanitsa ola lija la tsiku ndi tsiku: atsikana 85, anyamata 78. Sukulu ndi malo amodzi amene boma limakumana ndi ana ambiri tsiku lililonse. Mu 2012, Elaine Wyllie, mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulaimale ku Stirling m'dziko la Scotland, anayamba kutulutsa ana panja kwa mphindi 15 tsiku lililonse kuti athamange kapena kuyenda, atavala yunifolomu yomweyo, popanda zida ndiponso popanda wopambana. Njirayi, yotchedwa The Daily Mile, inafalikira m'masukulu zikwizikwi m'mayiko ambiri. Ofufuza ena apeza kuti pa nkhani ya kunenepa phindu lake n'lochepa, koma mphamvu yake ili pa kuphweka: sifuna bwalo lamakono, ndipo mwana wosadziwa mpira satsala pambali.

Kuchipatala, New Zealand inayamba mu 1998 dongosolo lotchedwa Green Prescription, pamene dokotala kapena namwino amalembera wodwala zoti azichita, monga momwe amalembera mankhwala, kenaka mlangizi n'kumamutsatira. Ku Brazil, mzinda wa Recife unayamba mu 2002 kulemba ntchito alangizi oti azitsogolera masewera aulere m'mapaki ndi m'mabwalo, m'mawa ndi madzulo, ndipo mu 2011 unduna wa zaumoyo unafalitsa ganizoli m'dziko lonse pansi pa dzina loti Academia da Saúde.

Oyenda chifukwa chosowa pothawira

Tibwerere kwa munthu uja wa khasu ndi woyenda pansi. Ziwerengero za 2016 zinaonetsa kuti ku Kuwait anthu akuluakulu 67 pa 100 alionse anali ongokhala, pamene ku Uganda ndi ku Mozambique anali pafupifupi 6 okha. Sikuti anthu a ku Uganda amakonda jimu. Moyo ndi umene umawayendetsa. Ndondomeko yokopera ku dziko lolemera, youza anthu otere kuti aziyenda mphindi 30 pa tsiku, ingakhale nthabwala yowawa.

M'mayiko otere ntchito ya boma ndi ina: kuteteza kuyenda kumene kulipo kale, kuti kukhale kotetezeka ndi kwaulemu, anthu asakuthawe akangopeza kangachepe. Lipoti la mabungwe a United Nations la 2022 linati mu Africa anthu oposa biliyoni imodzi amayenda pansi kapena panjinga kwa mphindi pafupifupi 56 pa tsiku, ndipo tsiku lililonse oyenda pansi 261 ndi apanjinga 18 amafa pamsewu. Malinga ngati kuyenda pansi kukuoneka ngati chizindikiro cha umphawi ndiponso kuika moyo pachiswe, mizinda imene ikukula msanga idzataya m'zaka zochepa chimene mayiko olemera akuwonongera ndalama zambiri kuti achibweze.

Palinso mfundo ina imene ofufuza, makamaka a ku Denmark monga Andreas Holtermann, akhala akuikamba: ntchito yolemetsa ya tsiku lonse siipatsa thupi phindu lofanana ndi la kuyenda kapena kuthamanga pa nthawi yopuma. Wonyamula katundu kwa maola 8 kapena 10 alibe mpata wopuma mokwanira, mtima umagunda mokwera tsiku lonse, ndipo msana ndi mawondo zimatha. Akatswiri akukambiranabe za kukula kwa vutoli, koma likutikumbutsa kuti wotopa ndi ntchito si ndiye kuti ali ndi thanzi. Kwa iyeyu ndondomeko yabwino ingakhale ya nthawi yopuma ndi zida zopepukitsa ntchito.

Amayi nawo ali ndi zopinga zawo. Pa ziwerengero za 2022, amayi 34 pa 100 alionse anali osakwanitsa muyeso, poyerekeza ndi abambo 29. Nthawi yawo yopuma imadyedwa ndi ntchito zapakhomo ndi kulera, bwalo la m'dera nthawi zambiri limakhala la anyamata a mpira, ndipo kuthamanga pamsewu kumabwera ndi malikhweru ndi mawu achipongwe. Bungwe loona zamasewera ku England la Sport England litafufuza, linapeza kuti chimene chinkabweza amayi ambiri ndi mantha oti anthu awaweruza pa maonekedwe ndi luso lawo, ndipo mu 2015 linayambitsa kampeni ya This Girl Can yoonetsa amayi wamba a matupi osiyanasiyana ali thukuta kamukamu.

Tidziwa bwanji kuti zikuyenda?

Mayiko ambiri amayeza pofunsa anthu mafunso: sabata yapitayi munayenda masiku angati, kwa mphindi zingati? Vuto n'lakuti munthu amaiwala, ndipo amakonda kudzikometsera. Ku America, m'zaka za 2003 ndi 2004, ofufuza anamangirira anthu zikwi zingapo tizipangizo toyeza kusuntha m'chiuno. Tizipangizoto tinaonetsa kuti akuluakulu osakwana 5 pa 100 alionse ndi amene ankakwanitsa mphindi 30 pa tsiku, pamene pofunsidwa pakamwa pafupifupi theka la anthu ankati amakwanitsa. Tizipangizo natonso tili ndi zofooka, sitiona bwino kupalasa njinga kapena kunyamula katundu, koma kusiyanako n'kwakukulu.

Nthawi nayo imavuta. Wandale amayang'ana chisankho chimene chikubwera m'zaka zinayi kapena zisanu, pamene sitiroko imene yapeweka lero ikanadzachitika zaka 20 zikubwerazo, kwa munthu amene sadzadziwa n'komwe kuti anapulumuka. Chipatala chatsopano chimakhala ndi riboni yodula, koma matenda amene sanabwere alibe mwambo wotsegulira. Ngakhale zili choncho, kafukufuku uja wa 2024 anapeza kuti pafupifupi theka la mayiko asunthako pang'ono, ndipo mayiko 22 ali panjira yokwanitsa cholinga cha 2030.

Powerenga ndondomeko ya dziko lililonse, tsamba loyenera kuthamangirako si la mawu oyamba a nduna. Onani ngati pali ndalama zolembedwa, ngati unduna wa misewu ndi wa maphunziro wapatsidwa ntchito yotchulidwa ndi tsiku loimalizira, ndiponso chimene alonjeza kuwerenga. Chowerengedwacho chingathe kunamiza. Ku England, imfa za ana pamsewu zinatsika kwambiri pakati pa 1971 ndi 1990, ndipo akuluakulu ankati misewu yakhala yotetezeka. Ofufuza motsogozedwa ndi Mayer Hillman atafunsa m'masukulu omwewo amene anafunsidwa zaka 19 m'mbuyomo, anapeza kuti mu 1971 ana a zaka 7 ndi 8 okwana 80 pa 100 alionse ankapita okha kusukulu popanda wamkulu wowaperekeza. Mu 1990 anali 9.